Kasanjidwe ka khodi yodalira sisitimu mu pulogalamu yoyenda pa Windows, Linux ndi macOS

Pulogalamu yoti iziyenda pa masisitimu angapo imakumana msanga ndi vuto lakuti sisitimu iliyonse ili ndi njira yakeyake yotsegulira mafayilo, yoyambitsira mapulogalamu ena ndi yolankhulirana pa netiweki. Ambiri amathamangira kumwaza `#ifdef _WIN32`, mzere wosonyeza kuti khodi yotsatira ndi ya Windows yokha, paliponse pamene pabuka kusiyana. Poyamba zimaoneka zoyenda, koma m'kupita kwa nthawi fankishoni imodzi imakhala ndi nthambi zitatu zolukanalukana, ndipo wokonza mbali ya Linux amaononga mbali ya Windows osadziwa, chifukwa kompaila (chida chomasulira khodi kukhala pulogalamu) ya pa makina ake imangodumpha mizere imeneyo.

Yambani ndi kulemba zimene pulogalamu yanu ikufuna kwa sisitimu, ndipo chilichonse muchitche dzina lotchula cholinga chake, osati njira imene sisitimu ina imachitira. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukamanga khodi yanu pa `fork`, imene imapanga kope la pulogalamu yomwe ikuyenda, mwadzimangirira kale ku masisitimu a mtundu wa Unix monga Linux ndi macOS, pakuti Windows ilibe `fork` ndipo imayambitsa pulogalamu ina ndi `CreateProcess`. Koma mukalengeza fankishoni imodzi yongoti `spawn_process`, yolandira dzina la pulogalamu ndi zoipatsa, mbali iliyonse idzaikwaniritsa m'njira yake, khodi yotsala osakhudzidwa.

Laibulale ya libuv, imene Node.js (chida choyendetsera khodi ya JavaScript) imadalira, ndi chitsanzo choyenera kuchiyang'anitsitsa. Poyembekezera deta ya pa netiweki, pa Linux imagwiritsa ntchito epoll, pa macOS kqueue, pa Windows IOCP. Kusiyana kwa izi n'kozama ndithu, chifukwa epoll imakuuzani kuti soketi (khomo lodutsira deta ya pa netiweki) yakonzeka kuwerengedwa, pamene IOCP imakuuzani kuti kuwerengako kwatha kale. Ngakhale zili choncho, wogwiritsa ntchito libuv amangopereka fankishoni yoti iitanidwe deta ikafika, ndipo mkangano wonsewo umathera m'mafoda awiri, `src/unix` ndi `src/win`. SQLite, laibulale yosungira deta, nayo inachita chimodzimodzi poika `os_unix.c` ndi `os_win.c` kuseri kwa gawo lotchedwa VFS, limene limalumikiza SQLite ndi sisitimu.

Mukagawa mafayilo motero, kusankha fayilo yoyenera kukhale ntchito ya chida chomangira pulogalamu. Mu CMake, chimodzi mwa zida zoterezi, mumalemba `if(WIN32)` pamalo amodzi. M'chiyankhulo cha Go, fayilo yothera ndi `_windows.go` imamangidwa pa Windows pokha, ndipo m'chiyankhulo cha Rust ndi bwino kuika `#[cfg(unix)]` pa modyulo yonse kusiyana n'kuibwereza mzere ndi mzere. Onaninso kuti mitundu ya deta ya sisitimu imodzi, monga `HANDLE` ya Windows, isatulukire m'hedala (fayilo yolengezera mafankishoni) imene mbali zonse za khodi zimawerenga, chifukwa ikangotuluka kamodzi mpanda wolekanitsa khodi yodalira sisitimu ndi khodi yotsala wagwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kusiyana kumene kompaila singakuone. Pa Linux, `Data.txt` ndi `data.txt` ndi mafayilo awiri, koma pa Windows ndi macOS, monga zimakhalira zikangoikidwa kumene, ndi fayilo imodzi. Linux imalola kufufuta fayilo imene idakali yotsegula, pamene Windows kawirikawiri imakana pokhapokha woitsegulayo ataloleza. Zoterezi muzilembe momveka pamwamba pa fankishoni iliyonse, kunena zimene ikulonjeza pa masisitimu onse ndi zimene sikulonjeza. Kenako lembani mayeso amodzi otsimikizira malonjezowo, ndipo aziyendetsedwa pa masisitimu onse atatu nthawi iliyonse imene wina wasintha khodi, ngakhale atangokhudza mbali imodzi yokha.