Kwa amene mukuganza zokawedza ndi fly (mbedza yomangiriridwa nthenga kapena ulusi kuti izioneka ngati kansomba) ku Inhassoro ndi Bazaruto

Anzanga, ngati mukukonza ulendo wa kunyanja yamchere ku Mozambique, chonde yambani mwayang'ana kalendala musanalipire malo ogona. January mpaka March ndi nyengo ya anamondwe, Freddy uja anatisautsa kwathu kuno anayamba wagwera pafupi ndi Vilankulo, tawuni yoyandikana ndi malo amenewa, mu February 2023, ndiye miyezi imeneyo ine sindingakulimbikitseni. Ine ndimakonda October ndi November, madzi amakhala atafunda ndipo nsomba zolusa zotchedwa kingfish zimafika kosaya kudzathamangitsa tinsomba, kungoti mphepo imavuta kwambiri, ikakuomba cham'mbali fly imabwerera n'kukukola pakhutu, nchifukwa chake kaminga kakumbuyo kwa nsonga ya mbedza kaja kaphwanyeni ndi pulayala ndipo magalasi asachoke kumaso.

Chachikulu kwambiri ndi madzi kudzaza ndi kuphwa, zomwe pa nyanja yathu ya Malawi sitinazolowere. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa madzi amayenda mwamphamvu, imani pomwe akuyamba kulowa pamchenga, mudzaona tinsomba tikuthawa pamwamba ngati mvula ikugwa, ponyani pompo ndipo kokani chingwe mwachangu osapumira. Ndodo ya 9 weight (nambala yosonyeza mphamvu ya ndodo) ikwanira zambiri, koma GT wamkulu, yemwe ndi mtundu waukulu wa kingfish, amafuna ya 12.

Poyenda m'madzi muzikhwekhwereza mapazi, ma stingray, nsomba zokhala ndi mbola kumchira, amabisala mumchenga. Madzulo aliwonse tsukani reel (chokulungira chingwe) ndi madzi abwino, mchere umadyetsa dzimbiri msanga zedi.