Baking powder wofera m'kapepala

Chiyambireni mvula mu Novembala, kalabu iliyonse ya amayi imene ndayendera, ku Katete ngakhale kuno ku Chipata, dandaulo ndi limodzi: masikono sakutupa. Ena akuti fulawa ya masiku ano ndi yachabe, ena akuloza mbaula. Koma ndikati tandionetsani baking powder wanu, amanditulutsira kapepala ka pulasitiki komanga ndi kamphira, kopachika pafupi ndi poto wa madzi owira, ufa wake utaundana kale timibulu.

Ameneyo ndi wakufa, amayi. Mu baking powder muli soda, asidi wouma ndi sitachi pang'ono. Soda ndi asidi zikangonyowa zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndipo mpweyawo ndi umene umatupitsa masikono. Sitachi anaikamo kuti aziyamwa chinyezi, koma chinyezi cha dzinja lathu lino sangachithe yekha. Ndiye mpweya uja umathera m'kapepala momwemo, pang'onopang'ono, inu musanakande n'komwe.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti mukaona sizikutupa, mumangowonjezera. Masupuni awiri, atatu, kenako soda wophikira therere pamwamba pake, ati zithandizane. Mayi wina wolima mtedza cha ku Chadiza, amene amagulitsanso masikono pasukulu, anachita zomwezi. Fulawa makilogalamu 2, shuga, majarini, mazira, makala, zonse ndi ndalama ya mtedza. Masikono anatuluka aphwatalala, achikasu mkati, pakamwa ngati waluma sopo. Ana analuma kamodzi n'kulavula, beseni linabwerera kunyumba lodzaza. "Alangizi, ndinapatsa nkhumba, nazonso zinayamba zanunkhiza kaye," anatero akuseka, koma ine sindinaseke. Nditafunsitsa, supuni imene amatapira ndi yomwe ija amatakasira tiyi, yonyowa. Kodi si zomwezi tinakambirana chaka chatha?

Mwachidule, musanakande tapani baking powder theka la kasupuni ka tiyi muthire m'madzi otentha. Akapanda kuchita thovu pompo, tayani, musamve chisoni. Gulani wochepa, musunge m'kachitini kotseka bwino, kutali ndi nthunzi, ndipo muzitapa ndi supuni youma. Kasupuni ka tiyi kamodzi pa kapu imodzi ya fulawa n'kokwanira, ndipo ngati pathumba la fulawa palembedwa self-raising, baking powder alimo kale. Mukathira mkaka musapite kukacheza, moto ukhale utayaka kale.