Mmene mungapezere adiresi ya print server imene simukuidziwa

Print server ndi kabokosi kamene kamalumikiza pulinta ku netiweki kuti makompyuta onse a mu ofesi azisindikizira pa makina amodzi. Vuto limabuka pamene kabokosiko munakagula katagwirapo kale ntchito kwina, kapena pamene amene anakaika anachoka osalemba paliponse adiresi yake ya IP, nambala imene makompyuta amakapezera pa netiweki. Kuno ku Mzuzu ndaziona m'mashopu osindikiza a ku Katoto ndi ku Luwinga, ndipo malangizowa awathandizanso anzathu a ku Lundazi ndi ku Chipata.

Musanakhudze kompyuta, tembenuzani kabokosiko. Pansi pake pali kapepala komata kokhala ndi nambala ya MAC, yomwe ndi zilembo ndi manambala 12 ndipo sisintha ngakhale kabokosiko kasamuke kangati. Ilembeni mosamala, chifukwa kapepalako kakafufuluka B amaoneka ngati 8. Kenako, pulinta ili yoyaka, kanikizani kamodzi batani lolembedwa Test ngati lilipo. Pa print server ya mtundu wa HP JetDirect batanili limatulutsa tsamba losonyeza adiresi. Mukaona 192.0.0.192, kapena nambala yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti kabokosiko sikanalandire adiresi kuchokera kwa rauta, chipangizo chimene chimagawa maadiresi pa netiweki, ndipo kangodzipatsa yongoyembekezera.

Ngati tsamba silinatuluke, lowani mu rauta ndi kuyang'ana mndandanda wa DHCP, umene umasonyeza zipangizo zomwe rautayo wazibwereka adiresi, n'kufufuza nambala ya MAC ija. Mukhozanso kuyendetsa pulogalamu ya Angry IP Scanner, yomwe imafufuza zipangizo za pa netiweki, kenako n'kulemba arp -a mu Command Prompt, zenera lolemberamo malamulo mu Windows, kuti muone adiresi iliyonse pamodzi ndi nambala yake ya MAC. Chipangizo chimene Angry IP Scanner yasonyeza kuti chatsegula poti 9100, khomo lolandirira zosindikiza, kawirikawiri chimakhala chosindikiza.

Kumene ambiri amataya mtima ndi pamene kabokosi kali ndi adiresi yokhazikika ya ku ofesi yake yakale, mwachitsanzo 10.0.0.50, pomwe netiweki yanu ili pa 192.168.1. Apa rauta sakasonyeza ngakhale nyali zake zikuthwanima bwinobwino. Chotsani chingwe pa rauta, chilumikizeni mwachindunji ku laputopu, tsegulani Wireshark, pulogalamu yoonetsa mauthenga odutsa pa netiweki, ndipo mulembe arp pamalo osefera. Mukatero zimitsani kabokosiko n'kukayatsanso. Timabokosi tambiri tikamayaka timalengeza adiresi yake, ndipo mudzaiona pamzere umodzi ndi nambala ya MAC. Kuti mufike pa tsamba lokonzerapo kabokosiko, patsani laputopu adiresi yoyandikana nayo kwakanthawi, monga 10.0.0.51.

Mabuku a opanga amafulumira kunena za batani la Reset, koma ine ndikupemphani kuti likhale lomaliza. Limafufuta zonse zimene zinakonzedwa, ndipo makompyuta ena amene ankasindikiza bwino amasiya. Ndinaphunzira zimenezi pa shopu ina Loweruka m'mawa, makasitomala ali pamzere ndi makadi a ukwati. Ngati palibe njira ina, dziwani kuti print server ya mtundu wa TP-Link TL-PS110U imabwerera pa 192.168.0.10 mukakanikiza Reset.

Mukaipeza adiresiyo, isungitseni mu rauta pa nambala ya MAC ija, chifukwa magetsi akazima n'kuyakanso rauta akhoza kugawa maadiresi mosiyana ndi poyamba. Ilembeninso ndi maka pa tepi ndi kumata pamwamba pa kabokosiko, pamene munthu aliyense angawerenge osakanyamula.