Momwe mungapezere mayankho onse a ikweshoni ya trigonometry

Ikweshoni ya trigonometry imaoneka yovuta pamene sin ndi cos zasakanikirana pamzere umodzi, koma mukangoisintha kuti patsale mtundu umodzi wokha, ntchito yotsalayo imakhala algebra yomwe mukuidziwa kale. Titenge chitsanzo cha 2sin²x + 3cos x − 3 = 0, pomwe x akuyambira pa 0° koma sakufika pa 360°.

Yambani ndi identity (ikweshoni yomwe imakhala yoona pa ngodya iliyonse) yochokera ku lamulo la Pythagoras, yakuti sin²x + cos²x = 1, ndipo pamalo pa sin²x lembanipo 1 − cos²x. Mukatsegula mabulaketi, kusonkhanitsa zofanana ndi kuchulukitsa mbali zonse ndi −1, mupeza 2cos²x − 3cos x + 1 = 0.

Kenaka muone cos x ngati chilembo chimodzi, tinene u, kuti ikweshoni ikhale 2u² − 3u + 1 = 0, yomwe mafakitala ake ndi (2u − 1)(u − 1). Apa cos x ndi ½ kapena 1.

Pobwerera ku madigiri m'pamene ambiri amapunthwa, chifukwa kakyuleta imangopereka 60° ngati yankho la cos x = ½, chonsecho cos amabwereranso pa ½ ngodya ikafika pa 360° − 60°, kutanthauza 300°. Kuchokera ku cos x = 1 tipeza 0°. Mayankho ndi atatu: 0°, 60° ndi 300°.

Msampha woopsa kuposa uwu uli mu ikweshoni monga sin 2x = cos x. Mukalemba 2sin x cos x pamalo pa sin 2x (pakuti ziwirizi n'zofanana pa ngodya iliyonse), mtima umakuuzani kuti mugawe mbali zonse ndi cos x, koma kutero n'kutaya mayankho onse amene cos x ali 0, ndipo palibe chimene chingakuchenjezeni kuti mwataya kanthu. Sunthirani zonse mbali imodzi ndi kutulutsa cos x kunja kwa bulaketi, kuti mukhale ndi cos x(2sin x − 1) = 0. Fakitala yoyamba ipereka 90° ndi 270°, yachiwiri ipereka 30° ndi 150°. Amene anagawa uja watsala ndi awiri okha mwa mayankho anayi.

Pomaliza bwezerani yankho lililonse mu ikweshoni yoyambirira. Pa 60°, 2sin²x ndi 1.5 ndipo 3cos x ndi 1.5, choncho mukaphatikiza ndi kuchotsapo 3 mutsala ndi 0.