Kuyeza ndi kulemba mzere umodzi wa mawu mu Qt

Pulogalamu ya malonda, kaya ndi ya shopu ya pa Boma kapena ya ogula nsomba ku Monkey Bay, imadzaza ndi mizere yamtundu umodzi: dzina la katundu kumanzere, mtengo kumanja. Mukagwiritsa ntchito QLabel, kabokosi kosonyezera mawu ka mu Qt (chida chopangira mawindo a mapulogalamu), Qt imakuyezerani zonse. Koma mukayamba kujambula nokha mu paintEvent, fankishoni imene Qt imaitana pojambula windo, kapena kusindikiza lisiti, ntchito yoyeza mawu imagwera inu. Zitsanzo zili apazi ndi za PySide6, Qt ya mu Python, koma maina ake ndi omwewo mu C++.

Choyamba dziwani pamene mawu amakhala. Mukalemba painter.drawText(QPointF(x, y), mawu), y ameneyo si pamwamba pa zilembo ayi. Ndi baseline, mzere umene zilembo zimapondapo, monga mzere wa m'kope la kusukulu: thupi la chilembo limakhala pamwamba pake, michira ya g, j, p ndi y imalendewera pansi. N'chifukwa chake munthu akaika y = 0 amangoona timichira tokha pamwamba pa windo, n'kumaganiza kuti pulogalamu yakana kulemba. Yalemba ndithu, koma kunja kwa windo.

Woyeza ndi QFontMetricsF. Mpangeni chonchi:

fm = QFontMetricsF(painter.font(), painter.device())

Iye amakupatsani ascent(), mtunda wochokera pa baseline kukwera m'mwamba, ndi descent(), wochokera pa baseline kutsika. Mukaziphatikiza mwapeza height(). Tiyerekeze kuti mzere wanu ndi wa mapikiselo 32 msinkhu, ascent ndi 15, descent ndi 4. Mawu atenga 19, otsala ndi 13, theka lake 6.5. Baseline ikhale pa 6.5 + 15, ndiye kuti 21.5 kuchokera pamwamba pa mzerewo:

y = pamwamba + (msinkhu - fm.height()) / 2 + fm.ascent()

Musayeze msinkhu wa liwu lililonse palokha pofuna kuliika pakati. Mukatero "usipa" ndi "mcheni" zikhala pa baseline yosiyana, chifukwa lina lili ndi mchira wa p, lina lilibe, ndipo tebulo lonse lioneka lovinavina. Msinkhu utengedwe ku fonti.

M'lifupi ndi m'mene anthu ambiri amasokonezekera, chifukwa miyeso ilipo iwiri ndipo imayankha mafunso osiyana. horizontalAdvance(mawu) imakuuzani mtunda umene cholembera chayenda, ndiye kuti pamene mawu otsatira ayenera kuyambira. boundingRect(mawu) imakuuzani malo amene inki yagwera. Kawirikawiri manambala awiriwa amayandikana, koma si ofanana. Pa zilembo zopendekeka, inki imatha kutulukira kumanzere kwa poyambira, ndipo x wa bokosilo amakhala pansi pa ziro. Chilembo chomaliza nachonso chimatha kupitirira pamene advance yathera. Pamwamba pa bokosilo pamakhala nambala ya pansi pa ziro, popeza muyeso wake umayambira pa baseline. Pondondolitsa mawu ndi poika mtengo kumanja gwiritsani ntchito horizontalAdvance. Pojambula mtundu kuseri kwa mawu, kapena posankha malo oti afufutidwe n'kujambulidwanso, tengani boundingRect, apo ayi mudzaona tizidutswa ta zilembo titatsalira m'mphepete.

Mukakumana ndi khodi yakale yolemba fm.width(mawu), dziwani kuti inalowedwa m'malo ndi horizontalAdvance kuyambira Qt 5.11 mu 2018, ndipo mu Qt 6, imene inatuluka mu December 2020, mulibiretu.

Mtengo wa kumanja ndi wosavuta:

x = kumanja - fm.horizontalAdvance("K12,500")

Yezani mawu onse pamodzi. Kuyeza chilembo chimodzichimodzi n'kuphatikiza kumapereka nambala yolakwika, chifukwa fonti imafupikitsa mpata pakati pa zilembo zina zikayandikana, monga A ndi V, kapena T ndi a. Kuwerenga zilembo n'kuchulukitsa ndi nambala ina yake ndiye kolakwika kwambiri: "Malindi" ndi "Namwera" onse ali ndi zilembo 7, koma Namwera ndi lalitali chifukwa cha m ndi w, pamene Malindi ladzaza ndi l ndi i zoonda.

Tsopano nkhani ya lisiti, imene imavutitsa anthu kuposa zonse. Fonti ya mapointi 12 imatenga mapikiselo 16 pa sikirini ya 96 dpi (madontho 96 pa inchi imodzi). Pa kapulinta ka malisiti ka 203 dpi imatenga madontho pafupifupi 34, ndipo pa QPrinter ya 1200 dpi imafika 200. Mukayeza ndi QFontMetricsF(fonti) yokha, osatchula chipangizo, muyeso umakhala wa sikirini. Mukajambula nawo pa pulinta, dzina ndi mtengo zimakwerana, mizere imapanikizana pamwamba pa pepala. Ndiye chifukwa chake painter.device() ali mu mzere woyamba uja. Yezaninso mutatha kuitana painter.setFont, osati musanatero. Fonti yokhuthala ya mutu wa lisiti imatenga malo ambiri kuposa yamba. Mapulinta ambiri a pepala la 58 mm amasindikiza madontho 384 pa mzere, a 80 mm madontho 576, choncho pa pepala laling'onolo dzina lalitali silikwana nthawi zambiri.

Likapanda kukwana, musalidule ndi mawu[:20]. Chotsani kaye malo a mtengo ndi kampata, otsalawo mupereke kwa elidedText, imene imadula mawu n'kuikapo timadontho titatu:

malo = mlifupi - fm.horizontalAdvance(mtengo) - 8
dzina = fm.elidedText(dzina, Qt.ElideRight, malo)

Mtengo usadulidwe konse. Wogula akhoza kupirira "Kampango wowamba wa ku Mak…" koma osati theka la nambala. Pa maina a mafayilo ElideMiddle ndi yabwinoko, popeza imasunga mapeto. Malo akachepa kuposa timadontho titatuto, mumalandira mawu opanda kanthu, ndipo mzere umaoneka ngati katunduyo wasowa.

Chichewa chili ndi zake. Chilembo ŵ cha mu Malaŵi chingasungidwe ngati chilembo chimodzi, U+0175, kapena ngati w wotsatiridwa ndi kachipewa kake, U+0302. Pa sikirini zimafanana, koma kudula ndi manja kungasiye w kuno, kachipewa uko. Yeretsani mawu polowa ndi unicodedata.normalize("NFC", mawu), imene imalumikiza w ndi kachipewa kake kukhala chilembo chimodzi. Ndipo si fonti iliyonse ili ndi ŵ. Ikasowa, Qt imabwereka chilembocho ku fonti ina mwakachetechete, n'chifukwa chake nthawi zina chimaoneka chonenepa kapena chachitali kuposa anzake, ndipo Ŵ wamkulu amatha kumetedwa chipewa mu mzere wothina. Funsani fm.inFontUcs4(0x0175) musanasankhe fonti. Kachizindikiro ka mu ng'ombe nakonso kali pawiri: kowongoka ka pa kiyibodi ndi kopindika, U+2019, kamene Word imaika yokha. Mu mafonti ambiri m'lifupi mwake ndi mosiyana. Sankhani kamodzi.

Mawu okopedwa ku Excel kapena ku WhatsApp amabwera ndi tabu ndi zodula mzere zosaoneka. drawText ya pa QPointF siidziwa kudula mzere, ndipo boundingRect yopatsidwa mawu okha imayeza \n ngati chilembo wamba. Mzere umodzi wa " ".join(mawu.split()) umathetsa zimenezi.

Pali njira yachidule: kupereka bokosi m'malo mwa QPointF, painter.drawText(bokosi, Qt.AlignVCenter | Qt.AlignRight | Qt.TextSingleLine, mawu). Pa mawu a fonti imodzi ndi yokwanira, ndipo ife timaikonda. Koma ikakhala kuti dzina lili pa mapointi 10, mtengo pa 14, aliyense amaikidwa pakati payekha ndipo baseline zimasiyana. Pamenepo werengani y kuchokera ku fonti yaikuluyo, mujambule zonse ziwiri pa y yemweyo.

Pa laputopu yokhala ndi Windows pa 125% kapena 150%, Qt 6 imakulitsa zonse yokha, ndipo miyeso imakhala ndi tizigawo. QFontMetrics yopanda F imazungulizira ku nambala yathunthu, ndipo mukalumikiza zidutswa zingapo pa mzere umodzi zolakwikazo zimaunjikana. Sungani tizigawoto mpaka kumapeto. Mu sizeHint mokha, m'mene mumauza Qt kukula kwa malo amene mukufuna, ndi m'mene mufunika nambala yathunthu, ndipo mmenemo gwiritsani ntchito math.ceil, chifukwa kutsitsa 87.4 kukhala 87 kumachititsa elidedText kudula liwu limene likanakwana.