Kachotsedwe ka ayezi amene wachuluka mu firiza

Mwafunsa mmene mungachotsere ayezi amene wakuta mkati mwa firiza. Musamulekerere kukhuthala kupitirira theka la sentimita, amadyetsa magetsi.

Konzeranitu izi: beseni, bulangeti, nsanza, mthiko, soda ndi mphika wa madzi otentha.

1. Zimitsani firiza, muzule pulagi.
2. Tulutsani nyama ndi nsomba, muike m'beseni n'kufunditsa bulangeti.
3. Yalani nsanza pansi. Ikani mphika uja mkati, pamwamba pa nsalu, mutseke kwa mphindi 15.
4. Ayezi akayamba kugwedera, mukankheni ndi mthiko. Apa ndi pomwe ambiri amaonongera firiza: chifukwa chofuna changu, amatenga mpeni n'kuyamba kugoba. Kuseri kwa khoma la mkatimo kumadutsa timapaipi ta gasi. Mukaboola kamodzi kokha, gasi amathawa ndipo firiza imasiya kuziziritsa. Ayezi akamakanika, tenthetsaninso madzi basi.
5. Pukutani ndi madzi ofunda othira supuni imodzi ya soda pa lita, osaiwala labala wa pachitseko. Muumitse bwino.
6. Yatsani, idzizire kaye kufika -18°C musanabwezere zakudya. Nyama imene yasungunukiratu iphikeni tsiku lomwelo.