Kukonzekera Ulendo Wapansi Wogonera M'mbali mwa Nyanja ya Cahora Bassa

Ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga tinakulira kumapiri kozizira, kumene munthu amayenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo atasenza thumba la mbatatesi koma osamva ludzu kwenikweni. Chizolowezi chimenechi ndicho chimatipweteketsa tikatsikira kuchigwa cha Zambezi. Chigawo chathu cha Tete sichifika kunyanja ya mchere, komabe tili ndi Cahora Bassa, nyanja imene inayamba kudzaza kumapeto kwa 1974 damu la pafupi ndi Songo litatsekedwa, ndipo madzi ake anatambalala makilomita oposa 200 kulowera kumadzulo mpaka kufupi ndi Zumbo. Kuyenda m'mbali mwake masiku awiri kapena atatu, kugona m'njira, ndi chinthu chotheka ndiponso chosangalatsa, malinga ngati muyamba mwadziwa pogona ndi potunga madzi, kenako n'kuwerengera mtunda pambuyo.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kuchigwa kumapitirira madigiri 40, ndipo m'dzinja timitsinje touma timadzaza mwadzidzidzi n'kukutsekerani njira. Ngati n'kotheka, sankhani masiku amene mwezi ukuwala, chifukwa mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko.

Si gombe lonse limene lingayendedwe. Pafupi ndi damu nyanja inapanikizika pakati pa mapiri a miyala otsetsereka kwambiri, moti palibe popondetsa phazi m'mphepete mwa madzi. Kumene gombe linatseguka, monga cha ku Chicoa, kuli midzi ndi misasa ya asodzi yolumikizana ndi tinjira, ndipo kumeneko n'kumene woyamba kumene ayenera kupita. Mapu a pafoni musawakhulupirire kotheratu. Madzi a nyanjayi amakwera ndi kutsika malinga ndi mvula komanso mmene a Hidroeléctrica de Cahora Bassa, kampani yoyendetsa damuli, akuwatulutsira, ndipo chilala cha 2024 chinawatsitsa kwambiri, kotero pamene chithunzi chikuonetsa mchenga mukhoza kupezapo matope ofika m'mawondo kapena madzi okhaokha. Gombe nalonso ndi lokhotakhota: msasa umene mukuuona patsidya apo, wooneka ngati mufikako pa ola limodzi, ungakutengereni maola atatu mukuzungulira. N'chifukwa chake ndimalangiza makilomita 10 mpaka 12 patsiku, kunyamuka kukangocha, kupumula pansi pa mlambe kapena m'mitengo ya tsanya dzuwa likafika paliwombo, ndi kufika pogona pofika 3 koloko masana.

Malo aliwonse amene mudzagone ali ndi eni ake, ngakhale ataoneka ngati tchire lopanda munthu. Musananyamuke kaonekereni ku ofesi ya boma ya deralo, ya posto administrativo kapena ya localidade, muli ndi BI yanu (chiphaso cha unzika) m'manja, munene kuti muli angati, mudutsa kuti ndipo mubwerera liti. Mukafika pamudzi, funsani kwa amfumu kapena kwa mlembi wa dera, mukhale pansi, mupereke moni mosathamanga, ndipo pempho la malo libwere pomaliza. Anthu ambiri kumeneko amalankhula Chinyungwe, cha ku Mágoè mumamvanso Chitawara, koma Chichewa chathu chimamveka ndithu munthu akamalankhula modekha. Mchere, shuga kapena sopo wa m'manja amatsegula makomo. Funsaninso za manda ndi malo a mizimu kuti musakadule nkhuni kapena kudzithandiza posayenera. Gawo lina la gombe la kum'mwera lili m'kati mwa Parque Nacional de Mágoè, malo osungira nyama amene anakhazikitsidwa mu 2013, ndipo mmenemo muli njovu. Musalowemo musanalankhule ndi oyang'anira ake.

Nkhani ya pomanga tenti ndiyo ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ine ndinaiphunzira movutikira. Paulendo wanga woyamba tinachedwa m'njira, tinafika kukuda, ndipo tinasangalala titapeza malo osalala, opanda minga, pakati pa madzi ndi dambo la msipu wobiriwira. Tili m'kati mokhoma zikhomo, bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde chapafupi anabwera n'kuima chete kwa kanthawi. Kenako anati, “Ana anga, kodi njira yosalala chonchi mukuganiza kuti anailambula ndani?” Anatiunikira pansi ndi tochi, ndipo tinaona mapazi akuluakulu a zala zinayi ndi ndowe zomwazika patchire. Tinali titamanga pamsewu wa mvuu. Nyama imeneyi imakhala m'madzi usana, usiku imatuluka kukadya msipu podzera njira yomweyomweyo, ndipo ikadzidzimuka imathamangira kumadzi osapatuka, kaya patsogolo pake pali tenti kaya munthu. Tinati, “Zikomo bambo, mwatipulumutsa,” ndipo tinasamukira kuseri kwa msasa wawo manyazi ali tho.

Choncho pogona pakhale pokwera, pamtunda wa mamita osachepera 50 kuchokera kumadzi, kutali ndi kanjira kalikonse kotsikira kunyanja, ndipo ngati n'kotheka pafupi ndi anthu. Yenderani malowo kukuwala, muyang'ane mapazi a nyama, mauna ndi mizere ya linthumbu. Musagone mumchenga wa mtsinje wouma kapena pansi pa mtengo wofumbwa. Khomo la tenti lifulatire mphepo, imene m'chilimwe imakonda kuwomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Amene alibe tenti angathe kugwiritsa ntchito lona ndi chingwe, koma neti yoteteza udzudzu isasiyidwe chifukwa malungo kuchigwa sasowa. Lambulani udzu mozungulira pamoto, ndipo pochoka muuzime ndi madzi mpaka phulusa lizizire, popeza moto wolusa ukhoza kupsereza msipu wa mbuzi za mudzi wonse.

Madzi ndi nkhani ina yovuta kuimvetsa kwa munthu wa kumapiri, chifukwa nyanja imakhala ili pompo koma kutungamo n'kuika moyo pachiswe. Ng'ona imaonetsetsa malo amene anthu ndi ziweto amabwera mobwerezabwereza, ndipo imagwira makamaka m'bandakucha, chisisira ndi usiku. Pamene pali mjigo tungani pamjigo, ndipo pokonza ulendo lembani midzi imene ili ndi mijigo yogwira ntchito kuti malo ogona atsatire midzi imeneyo. Mukakakamizika kutunga m'nyanja, pitani awiri dzuwa lili pamutu, wina aziyang'ana madzi, winayo aponye ndowa yomangirira chingwe ali chiimire patali. Musagwade m'mphepete, musatsukirepo mbale kapena kutumbulirapo nsomba, ndipo kusambira kuiwaleni, pakuti kupatula ng'ona madzi odekha amakhalanso ndi nkhono zofalitsa likodzo. Madzi onse akumwa awiritsidwe kapena athiridwe Certeza, mankhwala oyeretsera madzi, motsatira malangizo a pabotolo.

Munthu mmodzi awerengere malita 4 kapena 5 akumwa patsiku, osaphatikiza ophikira. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, kutanthauza kuti madzi ndiwo katundu wolemera kuposa zonse, ndipo zina ziyenera kuchepa kuti iwo akwane. Ufa, mchere, mtedza wokazinga, shuga, masamba a tiyi, kampoto kamodzi ndi mthiko n'zokwanira. Ndiwo mudzagula komweko: kapenta amene asodzi amagwira usiku ndi nyali, kapena nsomba youma yothira mchere imene dziko lonse limaitchula kuti chicoa. Masau ndi malambe amapezekanso m'miyezi imeneyi. Tengani ndalama zosinthasintha za meticais, chifukwa M-Pesa ndi e-Mola sizithandiza pamene palibe netiweki.

Nsapato zikhale zotseka ndiponso zozolowera phazi, zatsopano zimatulutsa matuza tsiku loyamba lomwe. Onjezani chipewa, malaya a manja aatali, tochi ndi mabatire apadera, machesi okulunga m'pulasitiki, chikwanje, bandeji ndi mankhwala opha ululu. Wina akayamba chizungulire, mutu ndi kufooka, mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi m'thupi, ndipo ngati akutha kumeza mumumwetse pang'onopang'ono lita imodzi ya madzi abwino yosakaniza ndi timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere. Akayamba kusokonezeka mutu, ulendo wathera pomwepo, afunika chipatala. Wolumidwa ndi njoka musamutemere kapena kumumanga mwendo mothinitsa, asayende, anyamulidwe. M'mawa uliwonse kutumulani nsapato musanavale chifukwa zinkhanira zimakonda kubisalamo.

Musapite nokha, ndipo gulu lisapitirire anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, chifukwa likakula limalemetsa mudzi wokulandirani. Pezani munthu wa komweko woti akutsogolereni, mugwirizane malipiro ake musananyamuke, ndipo muzidya naye limodzi. Iyeyo ndiye amadziwa kumene njovu zadutsa sabata ino komanso mwini bwato amene angakutulutseni wina akadwala, koma bwatolo likweredwe m'mawa mphepo isanautse mafunde.

Kwa m'bale wotsala kumudzi siyani pepala lolembapo mayina a midzi imene mugonemo, tsiku lililonse ndi mudzi wake, nambala ya wokutsogolerani, ndi tsiku limene ayenera kukanena kupolisi ngati simunamveke. Foni izikhala yozima, muziyatsa pachitunda madzulo kuti mutumize uthenga umodzi. Funsiranitu kuti chapa (galimoto yonyamula anthu) yochoka kumudzi womaliza kupita ku Chitima kapena ku Tete imanyamuka nthawi yanji, popeza m'midzi yakutali galimoto imachoka m'mamawa, ndipo ndi bwino kusunga ufa ndi ndalama za tsiku limodzi lapadera kuti ikakusiyani mugone komweko mtima uli m'malo.